A Penti ndi Buku Losayankha

Mu msewu wathu mulibe amene amawatchula dzina lawo la pa chiphaso. Onse amangoti a Penti, kuyambira ana a sukulu mpaka apolisi. Ine ndimati Alamu, chifukwa ndi akulu awo a malemu amuna anga. Ndakhala kuseri kwa nyumba yawo zaka khumi ndi chimodzi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe amuna anga anandisiyamo, ndipo ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Tebulo langa lositira lili pawindo, ndipo windolo linayang'anizana ndi chitseko cha kumbuyo cha chipinda chomwe a Penti amagwiriramo ntchito. Zambiri zomwe ndikulemba pano ndinazionera pawindopo, simbi ili m'manja.

Chipindacho ndi chaching'ono. Chili ndi zitseko ziwiri, china cha kumsewu, china cha kubwalo kwathu. Muli tebulo lalitali lomwe thabwa lake silionekanso chifukwa cha penti wa zaka makumi atatu, zitini zodula pakamwa zodzaza maburashi, mabolodi otsamira kukhoma, ndi kampando kamodzi kopanda chotsamira. Kuseri kwa chitseko n'komwe ankapukutira burashi akaweruka, ndipo pakhomapo penti anaunjikana mpaka panachita makwinya ngati khungwa la mtengo wakale.

Luso lawo sanaphunzire kwa munthu. Anayambira pa depoti, kulemba manambala kumbuyo kwa mabasi. Kenako wometa wina anawapempha kuti amujambulire mitu isanu pabolodi, uliwonse ndi kametedwe kake, ndipo kuyambira pamenepo ntchito sinawasowenso. Munthu akamayenda m'misewu itatu yozungulira kwathu ankayenda pakati pa dzanja lawo: nsapato yoyasama kwa osoka nsapato, mayi wopalasa makina kwa atelala, dzino lalikulu ngati chidebe pa kachipatala ka mano.

Buku analibe. Ankajambula pa pepala la thumba la simenti, pa katoni, kuseri kwa kalendala yakale, chilichonse chomwe dzanja lagwira. Mwini ntchito ankaima pambali n'kumanena zomwe akufuna, uku pensulo ikuyenda, ndipo sipankatha mphindi zisanu mkangano usanabuke.

"Iyi ndi nkhuku kapena khwangwala?"

"Nkhuku zanuzo ndazionatu ine. Zikanakhala zonenepa ndikanajambula zonenepa."

"Ndiye muionjezereko chidali, anthu asathawe."

"Ndionjezera, koma tchimo la bodzalo likhale lanu."

Phokosolo linkafika kwanga tsiku lonse. Amuna anga ali moyo ankati akulu awowo sangamwe ngakhale madzi popanda wotsutsana naye. Ine ndinkangotseka windo.

Ntchito inayamba kuchepa pamene pafupi ndi msika panatsegulidwa shopu ya makina osindikiza zikwangwani pa nsalu ya pulasitiki. Munthu ankapita m'mawa, masana n'kubwerera ndi chikwangwani chonyezimira, nkhuku yake ili yojambula ndi kamera. A Penti ankadutsa pa shopuyo nkhope ili kumbali. Kenako tsiku lina m'mawa anagwa pampopi, chidebe chili m'manja. Adokotala anati ndi sitiroko, koma yaing'ono. Anagona m'chipatala milungu itatu. Pakamwa ndi pomwe panachira poyamba, manesi angachitire umboni. Mwendo unatsatira. Dzanja lamanja linabwerera nalonso, kungoti linkanjenjemera pang'ono, makamaka akanyamula kapu ya tiyi.

Akazi awo anamwalira ana adakali pasukulu. Anawo alipo awiri. Wamkazi ndi namwino, amagwira ntchito kutali. Wamwamuna, woyamba kubadwa, amagwira mu ofesi, ndipo bambo ake amamutcha Akalaliki. Ndi ana abwino, ndinene zimenezi msanga. Zonse zomwe anachita, anachita chifukwa cha mantha.

Namwinoyo ndi amene anabweretsa buku. Linali buku lojambulamo lenileni, la chikuto chakuda cholimba, mapepala ake okhuthala, oyera mbee, ndi kalamba komangira. Panalinso kabokosi kachitsulo ka mapensulo khumi ndi awiri, iliyonse ndi nambala yake.

"Bambo, zaka zonsezi mwakhala mukujambula nkhuku za anthu," anatero. "Tsopano muzijambula zanu, za kumtima kwanu. Palibenso wokuvutitsani."

Ndipo anaonetsetsa kuti wowavutitsa asapezekedi. Akalaliki anakhoma chitseko cha kumsewu n'kupachika kiyi pamsomali kwanga. Pawindo anaika katani. Pachitseko anamata pepala lolemba pa kompyuta loti odwala akupuma, chonde musagogode. Ine anandipatsa ntchito yobweza aliyense wofuna kulowera kubwalo. Ntchito yachiwiri anandinong'oneza namwino akupita kokakwera basi.

"Mayi aang'ono, chilichonse chomwe angajambule, ngakhale kamzere chabe, muziwayamikira. Mtima wawo usagwe."

Ntchito zonse ziwiri ndinazigwira bwino kwambiri, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Tsiku lililonse ikamakwana eyiti, a Penti ankalowa m'chipindamo atasamba, atavala malaya omwe ndinasita. Ankakhala pakampando, kumasula kalamba, kutsegula buku, n'kuyamba kusongola mapensulo ndi lezala. Akamaliza yomaliza ankayang'ana pepala. Ankaliyang'ana mpaka dzuwa kufika pamutu. Masana ankalitseka n'kukagona. Mapensulo anafupika ndi kusongola kokha.

Kamodzi anajambuladi. Ndinawabweretsera tiyi n'kupeza kamzere kokhota pakati pa tsamba loyamba. Sindinadziwe ngati kanali phewa la munthu kapena phiri.

"Zokongola, Alamu," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndawalavulira m'kapu. Anatenga chofufutira n'kufufuta mpaka pepala linabooka, kenako anang'amba tsambalo bwinobwino motsatira ulusi, kuti bukulo lisaoneke kuti linagwiridwapo.

Anayesa zambiri. Anasuntha tebulo kupita nalo pawindo, n'kulibwezanso. Anasiya tiyi, anayambanso tiyi. Namwino ankaimba foni Lamlungu lililonse ndi malangizo ake. Ankati ayambe ndi zinthu zapafupi, duwa, nsapato, kapu.

"Kapu yandilakwira chiyani?" ankayankha a Penti.

Tsiku lina ndikusesa pakhomo pawo anandilankhula osandiyang'ana. "Dzanja lilipo, Alamu. Likunjenjemera koma lilipo. Mutu ndiwo waima. Ndikaliyang'ana pepalali, nalo limangondiyang'ana, osanena kanthu."

Ndinati zikhala bwino, n'kupitiriza kusesa.

Miyezi isanu ndi iwiri inatha choncho. Ndiye Lamlungu lina Akalaliki anabwera ali ndi nkhope ya munthu woti wamaliza kale kuganiza. Anaima pakati pa chipinda, ine ndikuyanika zovala panja, chitseko chili chotsegula.

"Bambo, ndakonza chipinda kwathu. Muli bedi latsopano, muli TV, chimbudzi chili pafupi. Muno mulowa munthu wokonza mafoni, ndalankhula naye kale. Loweruka ndikubwera ndi lole kudzatenga katunduyu."

"Mwalankhula naye kale. Ine mwalankhula nane liti, Akalaliki?"

"Ndi pano ndikulankhula nanu."

"Uku si kulankhula. Uku n'kundiwerengera kalata."

Mwanayo anatenga buku patebulo n'kuyendetsa masamba ndi chala, fyuu, kuyambira koyamba mpaka komaliza. Onse oyera.

"Miyezi isanu ndi iwiri, Bambo. Mumakhala muno nokhanokha kupuma fungo la penti wouma. Mukudikira chiyani? Mudzagwe muno tidzakupezeni mawa lake?"

"Muno mudzatulutsamo mtembo wanga, osati tebulo langa."

"Ndi zomwe ndikukanazo!" Mawu a mwanayo anathetheka. Anaponya bukulo patebulo. "Chabwino. Loweruka mudzandionetse tsamba limodzi. Limodzi lokha, loti munthu angati apa bambo anga akugwira ntchito. Likapanda kupezeka, tebuloli likukwera lole, inunso mukukwera kutsogolo."

Lolemba a Penti analowa m'chipinda sikisi koloko. Anatuluka dzuwa likulowa, buku lili loyera.

Lachiwiri ndinapita kukapereka zovala kwa aphunzitsi a kutsidya la msewu, ndipo ndinaiwala kukoka geti. Pobwerera ndinamva phokoso ndili patali. Ndinathamanga. Ndinapeza Mayi a Butchala ataima pakhomo pa a Penti, mtolo wa maepuloni ochapitsa uli m'khwapa. Ndi mayi wathupi, wogulitsa nyama pa kona, ndipo akamanong'ona amamveka nyumba zitatu. Sanandipeze kwanga, ndiye anangosuzumira pakhomo loyandikana.

"Ndiye mudakali moyo!" ndi mawu omwe ndinawamva poyamba. "Anthu akutitu munafa, ana akungobisa."

"Anthu ake ndinu."

"Ine ndabwera ndi dandaulo. Chikwangwani cha makina chija chasuluka, mbuzi yasanduka yabuluu, ndachichotsa. Ndiye pansi pake patulukanso galu wanu uja."

"Galu wanji?"

"Amene munandijambulira pakhoma zaka zija, inu n'kumati ndi mbuzi. Dzulo bambo wina wandifunsa kuti, Mayi, mwayamba kugulitsanso za alonda?"

A Penti anaimirira msanga kuposa mmene ndinawaonera chichokereni kuchipatala. "Galu! Inu mwakhala mukudula mbuzi zaka makumi awiri koma simudziwa mwendo wake? Galu amapinda apa. Apa! Mbuzi imatsika chonchi, n'kubwera chonchi, chiboda n'kugawika. Ndipo msana wa mbuzi suyenda ngati wa galu, umakwera kumbuyo kuno."

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndipemphe mayiwo atuluke. Koma ndinaona chala. Chala cha a Penti cha mkombaphala chinkathamanga pa fumbi la patebulo, ndipo m'fumbimo munkatuluka mbuzi, mwendo, msana, khosi, ndevu. Iwo sankayang'ana n'komwe. Maso anali pa mayiwo.

"Ndevuzo ndiye mwakumbukira lero," anatero Mayi a Butchala. "Pakhoma panga mulibe." Anandiponyera mtolo wawo n'kumapita akuseka.

A Penti anakhala pansi akupuma mwamphamvu, n'kupukuta tebulo ndi mkono wa malaya, mbuzi n'kupita. Kenako anakoka buku, anatenga pensulo. Ndinaima kuseri kwa chingwe cha zovala kudikira. Panadutsa ola. Dzanja linangokhala m'malere.

Madzulo a tsikulo ndinapsereza kolala ya malaya a munthu, chinthu chomwe sindinachitepo. Maganizo anali kwina. Ndinkakumbukira nkhuku ija ndi khwangwala, ndi zaka zonse zomwe ndinkatseka windo. Bamboyu chibadwire sanajambulepo ali yekha. Sanajambulepo chinthu choti palibe wachipempha, palibe wachinyoza. Ife tinawachotsera zonse ziwiri n'kumati tikuwasamala.

Ine si munthu wolankhula. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, ndipo munthu akandiponda phazi mu basi ndimapepesa ndine. Sindikanatha kupita kukawafotokozera. Lachitatu m'mawa ndinangotenga kiyi pamsomali, kuzungulira kumsewu, kumatula pepala lija, n'kutsegula chitseko. Chinalira ngati mwana wa mphaka. Kuwala kunalowa, fumbi n'kuoneka likuvina.

"Mwatani, Alamu?" anafunsa a Penti.

"Ndikufuna mphepo izidutsa. Zovala zikuchedwa kuuma."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba kopanda mtambo.

Anthu anayamba kuima pakhomo. Koma sizinayende mmene ndinkaganizira. Aliyense ankavula chipewa, kutsitsa mawu, n'kunena kuti pepani a Penti, mwachira kodi, Mulungu ndi wabwino, musadzivutitse. Wosoka nsapato, yemwe kale ankatukwanizana nawo tsiku ndi tsiku, anawagwira dzanja ndi manja awiri n'kugwetsa msozi. Pofika masana nkhope ya a Penti inali itada bii.

"Onsewa akundilankhula ngati ndili kale m'bokosi," anatero nditabweretsa tiyi. "Dzulo ndinajambula pafumbi apa. Munaona?"

"Ndinaona."

"Inali bwanji?"

Mawu oti zokongola anali atafika kale palilime. Ndinawameza. Ndinayang'ana pansi, pa zala zanga za kumapazi.

"Khosi linatalika," ndinatero. "Ngati la ngamila."

Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

"Ngamila," anatero pang'onopang'ono. Kenako anakuwa. "Ngamila! Inu munaionapo ngamila? Munaionera kuti, pa chitini cha tiyi? Mbuzi ikamadya masamba a m'mwamba imatalikitsa khosi, aliyense amadziwa! Taimani pomwepo. Musachoke. Ngamila ndi iyi." Anakoka buku. Pensulo inagwa papepala mwamphamvu mpaka nsonga inathyoka, anatenga ina. "Linunda ili. Mlomo wolendewera uwu, ngati wa apongozi anu aja. Tsopano mbuzi. Onani kusiyana kwake. Mwaona?"

"Mwendo wa kutsogolowo wafupika."

"Waupinda! Ikukanda! Koma inu, zaka khumi ndi chimodzi muli chete, kani munkasunga zimenezi?"

Tsamba loyamba linadzaza, ngamila pamwamba, mbuzi zitatu pansi, imodzi yofufutidwa ndi chala. Mizere inali yonjenjemera, sindinama. Koma mbuzi zinali mbuzi. A Penti analiyang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenako pansi pake analemba ndi zilembo zazing'ono kuti: Akuti khosi latalika. Anatseka buku osamanga kalamba, analipanira m'khwapa, ananyamula kampando kawo.

"Mukupita kuti, Alamu? Ana anati musamatuluke nokha."

"Ndikukasaka anthu opanda ulemu. Inu simukwanira, mumapepesa ndi maso."

Anayambira kubutchala. Ine sindinapite, koma Mayi a Butchala anandifotokozera zonse, ndipo theka ndinalimva ndekha ndili pano. Anakhala pakhomo penipeni n'kuyamba kuwajambula mayiwo akudula nyama, osapempha. Mayiwo atasuzumira anakuwa kuti mikono imeneyo ndi ya munthu wonyamula matumba. A Penti anati ajambula zomwe akuona. Mayiwo analoza ndi chala chamafuta pomwe pankafunika kuchepetsa, ndipo chidindo cha chalacho chilipo mpaka lero pa tsamba lachitatu.

Lachinayi anakakhala kwa wometa. Kumeneko n'komwe anakumana ndi mawu owawa. Wometayo ndi mwana wa wometa woyamba uja, ndipo sadziwa kuzungulira.

"Madala, mzere wanu ukuvina," anatero.

"Mutu wa munthu uli ndi mzere wowongoka pati? Wakowo uli ngati mbatata."

"Mutu chabwino. Tandilemberani dzina la shopu pansipo, ngati kale."

A Penti anayesa. Zilembo zimafuna dzanja lokhazikika, sizimva nthabwala. Chilembo choyamba chinatuluka ngati mpanda wogwa ndi mvula. Anayesa kanayi. Anthu omwe ankadikira kumeta anasiya kuseka. A Penti anabwerera kunyumba masana, nkhope ili pansi, ndipo ndinaganiza kuti basi zathera pomwepo. Anakhala patebulo, anandiitana, anandionetsa tsambalo.

"Zilembo zapita, Alamu. Izi sizibweranso." Analankhula mopanda kudandaula, ngati munthu wonena kuti basi yadutsa. Kenako anatembenuza tsamba. "Koma taonani mutu wa mbatatawu. Makina angautulutse chonchi? Makina amaopa anthu." Anamwa madzi, ananyamulanso kampando, ulendo kwa owotcherera zitsulo.

Pofika Lachisanu madzulo bukulo silinkatsekekanso bwino. Munali tsitsi lomatirira, dontho la oyilo, ngodya ina yopsa ndi nthethe za moto. Pansi pa chithunzi chilichonse panali dandaulo la mwini wake. Akuti mphuno si yake. Akuti ndamukalambitsa. Akuti mkazi wake akaona athawa. Wogulitsa malasha analemba yekha ndi dzanja lake lakuda, mawu omwe sindingawabwereze pano.

Loweruka lole inafika naini koloko. Munatsika Akalaliki, dalaivala, ndi amuna awiri onyamula katundu. Mwanayo ataona chitseko cha kumsewu chili pululu anaima kaye. Kenako analowa. Ine ndinaima pakhomo la kumbuyo, beseni lili m'manja.

A Penti anamupatsa buku. Mwanayo anatsegula, anaona ngamila, anatembenuza, anatembenuzanso. Anafika pa tsamba la zilembo zogwa lija n'kukhalitsapo. Kenako anatseka bukulo mosamala.

"Zabwino, Bambo. Zokongola kwambiri. Mukapitiriza kwathu, kuli tebulo labwino, kuli phee."

"Usandinamize, iwe."

"Sindikunama."

"Ndinakusambitsa ine. Ukamanama khutu lako limafiira. Unati tsamba limodzi, ndakupatsa makumi awiri ndi atatu. Nena zomwe waona."

"Bambo, tisachedwetse anthu."

"Nena!"

"Chabwino!" Mwanayo anamenya tebulo. "N'zokhotakhota! Dzanja lanu likunjenjemera, aliyense akuona, anthu akukusekani m'misewu muno! Munali katswiri, pano mukuyenda ndi kampando ngati wopemphetsa. Pampopi paja ndinakunyamulani ndine, Bambo. Maso anu anali atatembenuka. Inu simukumbukira, ine ndimakumbukira tsiku lililonse."

A Penti anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nkhope yawo inafewa, koma mawu sanafewe.

"Eya. Tsopano walankhula ngati mwana wanga, osati ngati kalata. N'zokhota, ndavomera. Akundiseka, ndavomera, ndipo ndimachita kukawapempha. Koma kwanuko kuli phee, ndipo phee ameneyo wandidya miyezi isanu ndi iwiri. Sindikupita."

Anaponda pakampando, anagwira khoma, n'kukwera patebulo. Zinawatengera nthawi, ndipo palibe amene analimba mtima kuwagwira. Anakhala pakati penipeni, miyendo ili lendee, buku lili pamiyendo.

"Nyamulani," anauza amuna awiri aja.

Amunawo anayang'anana. Dalaivala, bambo wa mimba yake, anakanda m'mutu. "Bwana, ife munatiuza za katundu. Za munthu sitinagwirizane."

"Inu a dalaivala, taimani chammbali pang'ono," anatero a Penti, pensulo ili kale m'manja. "Mimba ngati imeneyo siipezeka tsiku lililonse."

"Madala, musandiyambe. Iyi ndi jekete."

"Jekete ya mchombo?"

Onyamula katundu anaphulika kuseka. Pakhomo la kumsewu panali patadzaza kale anthu, Mayi a Butchala ali patsogolo, mpeni uli m'thumba la epuloni. Akalaliki anayang'ana uku ndi uku, kenako maso ake anagwera pa ine.

"Mayi aang'ono, chitsekochi munatsegula ndinu?"

"Ndine."

"Tinakukhulupirirani. Nanga akagwanso?"

Mawu anga anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "Akagwa chitseko chili chokhoma, ndidzawaona ndine ndekha, mwinanso ndili kokapereka zovala. Akagwa chili chotsegula, msewu wonse udzawaona asanafike pansi."

"Ndipo woyamba kufika ndidzakhala ine," anatero Mayi a Butchala. "Sangafe asanandiikire ndevu pa galu wanga."

Mwanayo sanaseke. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana bambo ake, omwe sankamuyang'ana chifukwa anali kalikiliki ndi mimba ya dalaivala. Kenako anauza amuna aja kuti atenge zitini zouma ndi mabolodi ofumbwa omwe anali pakona, akataye. Anagwira nawo yekha ntchitoyo, malaya ake a mu ofesi n'kuda. Atamaliza anaima pakhomo.

"Mankhwala anu muzimwa," anatero. Sanatsanzike. Anakwera kutsogolo kwa lole n'kumenyetsa chitseko, ndipo panatha milungu isanu ndi umodzi asanapondenso pano.

Dalaivala ndi amene anachedwetsa ulendo, chifukwa anabwerera kudzasuzumira m'buku. Anati miyendo imeneyo si yake, ndi ya dzombe. A Penti analemba mawuwo pansi pa chithunzi, lole n'kunyamuka, anthu n'kumwazikana.

Titatsala awiri anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine. Kukwera anakwera, koma kutsika kunawakanika. Ndinasendeza kampando, ndinawapatsa phewa. Dzanja lawo linkanjenjemera kwambiri, ndinalimva pafupa. Anatsika mwendo umodzi, kenako winawo, n'kukhala pansi akupuma ngati munthu wochokera kutali.

"Izi musauze munthu," anatero.

"Sindiuza."

Apa ndiye ndaphwanya lonjezo, andikhululukire. Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, anatsegula tsamba latsopano, n'kusuzumira kumsewu, komwe kunkadutsa bambo wogulitsa mazira, thireyi ili paphewa.

"Inu a mazira!" anakuwa. "Tabwerani kuno. Makutu amenewo munawagula kuti?"